Khomo Loyang'ana ku Shedi

"Ndati sindipitako. Kapena ndinene m'Chilomwe kuti mumve?"

Isake Namakhwa anali pakhonde, akunola chikwanje chake chodulira tiyi. Linali Lamulungu masana, anthu a m'malaini a esiteti atangoweruka ku tchalitchi. Mkazi wake Teleza anaima pakhomo atanyamula malaya a mwamunayo. Kumsana kwa malayawo kunali madontho ouma.

"Chilomwe ndimamva, bambo a Jean. Chomwe sindikumva ndi ichi. Mashingozi awa ndi achiwiri. Chifuwa chinayamba mu Juni, uno ndi Okutobala. Lamba wanu mwaboola kawiri. Mukudikira chiyani?"

"Tsitsani mawu. Khomali ndi limodzi ndi aneba."

"Ine ndinayezetsa magazi. Ndinabwera n'kukuuzani kuti andipeza nako kachilombo. Sindinakulozeni chala, sindinafunse kuti kanabwera ndi ndani m'nyumba muno. Ndikungopempha kuti nanunso mukayezetse, muyambe mankhwala."

"Inu munayezetsa ku Luchenza, m'tenti, pakati pa anthu osakudziwani. Tenti ija anaphwasula sabata yomweyo."

"Pitani ku chipatala cha ku Makwasa, kaya cha ku boma."

"Tsiku lake liti? Kupita ndi kubwera ndi tsiku lathunthu, ndipo akuti mankhwalawo n'kukatenga mwezi ndi mwezi. Ndajomba kale masiku anayi chaka chino. Kapitawo ali nawo m'buku mwake."

"Ndiye kiliniki yathu si iyi ili pafupiyi?"

Isake anayesa chikwanje ndi chala, n'kupitiriza kunola.

Mu Malichi chaka chimenecho, 2006, kampani inali itamanga kachipinda katsopano pambali pa kiliniki, koyezeramo magazi ndi kuperekeramo ma ARV. Kachipindako kanali ndi khomo lakelake. Khomolo linayang'ana ku shedi yoyezera tiyi, pomwe makapitawo amakhala m'mawa ndi masana kuitana mayina a antchito.

"Muhiwa analowa khomo lija mu Epulo," anatero Isake. "Polemba anthu odulira tiyi mu Meyi, dzina lake linalipo? Saizi analowa. Lero ali kuti? Akuumba njerwa ku Changata. Mwezi wa mawa alemba anthu a dzinja. Dzina langa likasowa, nyumba ino tichoka. Mukufuna Jean azikagona kuti?"

"Nanga mukafa azikagona kuti?"

Kumbuyo kwa nyumba kunalira belu la njinga. Anali Benard, mchimwene wake wa Teleza. Iye amayendetsa thirakitala, ntchito yokhazikika, ndipo ndiye amaimira bungwe la antchito pa esitetiyo. Teleza anabisa malaya aja kumbuyo n'kumutulutsira mpando.

Atapatsana moni, Benard anayamba nkhani yomwe inamubweretsa mutu uli wotentha.

"Lachisanu ndinaswera ku ofesi, alamu. Mabwana akhazikitsa komiti. Akuti chipinda chija chikungokhala, amuna sakulowamo. M'komitimo muli Sisitala Victoria a ku kiliniki, a Douglas olemba antchito, a Peterson oyang'anira minda, ndi ine. Ndiye aitanitsa mayi wina kuchokera ku Blantyre, a Hazel Msiska. Akuti ndi dizayina, katswiri wa mapositala ndi zikwangwani. Amafuna atijambulire mapositala okopa anthu kukayezetsa."

"Ajambula?" anafunsa Teleza.

"Ayi ndithu. Anatipatsa timapepala kuti aliyense alembe vuto lomwe tikufuna kuthetsa, m'chiganizo chimodzi, osaonerana. Asisitala analemba kuti amuna ndi amantha. A Douglas analemba kuti antchito ndi osaphunzira, sadziwa ubwino woyezetsa. A Peterson analemba kuti anthu akujomba kwambiri, minda ikutsalira."

"Inu munalemba chiyani, achimwene?"

"Ndinalemba kuti odwala alibe chakudya chokwanira. Mayiwo anamata timapepala tonse pakhoma n'kunena kuti, anthu anayi, mavuto anayi, ndijambule la ndani? A Douglas anakwiya. Akuti ife takuitanirani mapositala, osati mafunso. Mayiwo anangoti ndipatseni masabata awiri ndiyende ndi anthu, tikagwirizana vuto lake ndidzajambula."

"Bwanji simunalembe za khomo lija?"

Benard anayang'ana mlongo wake, kenako mlamu wake. Anaona makutu a Isake momwe anatulukira, ndi khosi momwe linatalikira.

"Zimenezo ndi zoyankhula anthu, mlongo wanga. Umboni uli kuti? Ine ndikaimirira pamaso pa a Douglas n'kunena kuti mumachotsa anthu odwala, andifunsa kuti wakuuza ndani. Nditchule ndani?"

"Akunena zoona alamu," anatero Isake. "Zisiyeni."

Lachiwiri masana Teleza anali pa mpopi akuchapa ndi amayi anzake atatu. Panafika mayi wamfupi wovala chitenje pamwamba pa buluku, nsapato zake zitafiira ndi fumbi, m'manja muli kope lalikulu. Anapereka moni n'kukhala pa mwala. Chichewa chake chinali ndi kamvekedwe ka kumpoto.

"Ine ndine Hazel. Sindine wa chipatala, sindine wa ofesi. Sindilemba dzina la munthu."

Anafunsa za madzi, za nthawi yoweruka, za komwe amapita mwana akatentha thupi. Amayiwo amayankha mwachidule. Atafunsa za chipinda choyezera magazi, awiri anatola zochapa zawo n'kunyamuka. Wachitatu anati ndiwo zipsa pamoto.

Teleza anatsala yekha, akufinya nsalu.

"Mayi, sindikufunsani za inu," anatero Hazel. "Tiyerekeze kuti pali munthu wa mulaini muno akufuna kukayezetsa. Mungandiperekeze njira yomwe angadzere? Tingoyenda basi."

Anayenda. Anadutsa pa chigayo, n'kulowa kanjira ka pakati pa tiyi wodulidwa kumene, mitengo yake ili thyathyathya ngati tebulo. Hazel amaima kawirikawiri n'kujambula m'kope mwake: mpopi, chigayo, mphambano. Atafika pa mtengo wa bulugamu wotsiriza, pomwe kiliniki imayamba kuonekera, Teleza anaima.

"Apa ndiye mapeto."

"Chifukwa chiyani apa?"

"Pitani nokha mukaime pakhomopo. Mukatembenuke ngati mukutuluka."

Hazel anapita. Anadutsa khomo lalikulu la kiliniki, pomwe panali mzere wa amayi ndi ana, n'kukafika pa khomo laling'ono lolembedwa zilembo zazikulu zofiira. Anagwira chitseko, kenako anatembenuka. Kutsidya kwa msewu, pa benchi ya mu shedi, panali makapitawo asanu ndi mmodzi, mabuku awo ali pamaondo. Onse anali atasiya kucheza. Amamuyang'ana.

Anaima pamenepo kwa kanthawi, kenako anabwerera ku mtengo kuja.

"Amakhala pamenepo tsiku lililonse?"

"Nthawi yomwe chipindacho chimakhala chotsegula ndi yomwenso iwo amakhalapo."

"Akamuona munthu amatani?"

"Satani. Amamupatsa moni bwinobwino. Koma polemba anthu ena, dzina lake silituluka."

"Mukudziwa angati?"

Teleza anawerenga ndi zala. Anakwana asanu.

"Komiti ikumananso Lachisanu la sabata ya mawa," anatero Hazel. "Ine ndikhoza kukanena zomwe ndaona. Koma ndine mlendo, akhoza kunena kuti sindikudziwa za kuno. Mutabwera inu zingakhale bwino. Koma sindikunamizani, sindingathe kukutetezani. Ine ndikatha ntchito ndibwerera ku Blantyre, inu mutsala kuno. Kaganizeni."

Lolemba lotsatira Isake anagwa m'munda. Anali atadulira mizere iwiri yokha pamene maondo anakana. Anzake anafuna kumutengera ku kiliniki, iye anakana, n'kunena kuti ndi dzuwa chabe. Anamubweretsa kunyumba pa njinga, wina akukankha, wina atamugwira. Kapitawo analemba tsiku lachisanu lojomba. Lachiwiri sanadzuke, Lachitatunso chimodzimodzi.

Lachinayi m'mawa, Teleza akumupatsa phala, Isake anakankha kapu.

"Ndamva kuti mumayenda ndi mayi wa mapositala uja. Laini yonse ikudziwa."

"Ndinayenda nawo. Mawa ndikupita ku komiti."

"Kukatani?"

"Kukanena za khomo."

"Mukangotsegula pakamwa, aliyense adziwa kuti mukunena za ine. Zaka khumi ndi ziwiri ndadulira tiyi pano, palibe anandilozapo chala. Mukufuna ndizidutsa pa shedi anthu akukodolana?"

"Akukodolana kale, bambo a Jean. Anakuonani pa njinga paja. Chomwe mukubisacho chili pankhope panu."

"Mukapita kumeneko, mupitirire kwa amayi anu ku Changata. Musabwerere muno."

Teleza anatola kapu ija n'kuipukuta m'mbali.

"Ndibwerera," anatero. "Palibe wina wokutembenuzani pamphasapo. Imwani phalali."

Komiti inakumana m'chipinda chodyeramo akuluakulu a ofesi. Pakhoma Hazel anali atamata pepala lalikulu lomwe anajambulapo esiteti yonse: malaini, mpopi, chigayo, kiliniki, shedi. Kuchokera pa benchi ya mu shedi anajambula mizere isanu ndi umodzi, yonse yokathera pa khomo laling'ono. Timapepala tinayi tija tinali pambali.

Teleza anakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko. Benard atamuona anaweramitsa mutu.

"Mayiwa ndi ndani?" anafunsa a Douglas. Anali bambo wonenepa, wovala tayi ngakhale kunali kotentha.

"Ndi mlendo wanga," anayankha Hazel. "Akhala nafe. Ndisanayambe, ndinene kuti sindinabwere kudzaweruza munthu. Aliyense wa inu ali ndi chidutswa chimodzi cha nkhaniyi, ndipo palibe amene anaona zidutswa zonse pamodzi. Asisitala, chitsegulireni chipinda chija, mwayeza anthu angati?"

"Makumi asanu ndi limodzi kudza mmodzi," anatero Sisitala Victoria. "Ambiri ndi amayi, akazi a antchito okhazikika."

"Amuna olembedwa pa nyengo, angati?"

Sisitalayo anatsegula buku lake atalitchinga ndi mkono. "Asanu ndi anayi. Onse anabwera mu Malichi ndi Epulo. Kuyambira Meyi palibe. Koma mayina sinditchula, ndipo bukuli palibe analigwirapo koma ine."

"Sindikufuna mayina. A Douglas, ndinakupemphani mndandanda wa amuna omwe munawalemba mu Meyi kuti adulire tiyi. Apatseni asisitala. Ayang'ane okha, atiuze nambala basi."

A Douglas anakankha mapepalawo patebulo ndi zala ziwiri. Sisitala Victoria anayendetsa chala pa mayina, akuyang'ana buku lake, akuyang'ana mndandanda. Anabwerezanso kuchokera pamwamba.

"Palibe," anatero.

"Mwa asanu ndi anayi?"

"Palibe ndi mmodzi yemwe." Anavula magalasi. "Ndipo anayi mwa iwo ndinawapeza alibe kachilombo."

"A Peterson, mwa amuna onse a dzinja, mumasunga angati nthawi yodulira?"

A Peterson, bambo wamtali wosakonda kuyankhula, anakanda chibwano. "Awiri mwa atatu aliwonse."

"Zangochitika," anatero a Douglas. "Ine buku la asisitala sindinalionepo. Kampani ino ili ndi lamulo lolembedwa loletsa tsankho. Ndinalilemba ndine."

"Ndikukhulupirira kuti simunalione. Mayina a anthu olembedwa mumawatenga kuti?"

"Amandipatsa makapitawo. Ine ndimangotayipa."

"A Peterson, makapitawo mumawauza chiyani?"

"Ndimawauza kuti andipatse anthu amphamvu. Amene sazijomba." Anayang'ana chojambula cha pakhoma chija nthawi yaitali. "Sindinawauzepo kuti aziyang'ana khomo."

"Ndiye mwaona," anatero a Douglas. "Palibe analamula. Ngati antchito akuganiza zimenezo, ndi umbuli womwe ndinanena uja. Positala yabwino iwafotokozere kuti palibe choopa."

Apa Teleza anaimirira. Manja anawapinda kutsogolo.

"Pepani mabwana, ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5. Koma za kachilomboka tikudziwa. Pa wailesi amanena, ku tchalitchi amanena, maliro tikuika sabata ndi sabata. Ine ndinayezetsa ku Luchenza, ndili nako. Amuna anga ali gone kunyumba, kiliniki ili apa, akukana kubwera. Mantha ali nawo, sindikana, ndi munthu. Koma nditawauza kuti palibe choopa, ananditchulira Muhiwa ndi Saizi. Ndinasowa chowayankha. Positala yanuyo idzawayankha chiyani?"

Sisitala Victoria anayang'ana Benard.

"A Benard, inu mumakhala ndi anthuwa. Zimenezi simunazimve?"

"Ndinamva. Tsiku lina ndikutsitsa matumba pa shedi, kapitawo wina anauza mnzake kuti uyo walowa uko, tisadzivutitse naye, pofika dzinja akhala akudwala."

"Ndani ameneyo?" anafunsa a Douglas.

"Nkhope ndaiwala."

Hazel anachotsa timapepala tinayi tija n'kumata pepala loyera. Anapereka cholembera kwa a Peterson.

"Tsopano tilembe chiganizo chimodzi, tonse. Osati chomwe tichite. Vuto lokha."

Zinatenga ola lathunthu. A Peterson analemba kuti antchito amaopa kuonedwa. Sisitala Victoria anati ayi, saopa kuonedwa chabe, amaopa kuchotsedwa. A Douglas anakana mawu oti kuchotsedwa, akuti munthu wa pa nyengo sachotsedwa, kontilakiti yake imangotha. Anafuna kuti alembe kuti antchito akuganiza kuti salembedwanso. Hazel anafunsa asisitala kuti atchulenso nambala ija, ndipo mawu oti akuganiza anafufutidwa. Pomaliza pakhoma panali mawu awa: Mwamuna wa pa nyengo akalowa khomo loyezera magazi amaonedwa ndi omwe amasankha antchito, ndipo salembedwanso.

"M'chiganizomu muli zinthu ziwiri," anatero Hazel. "Kuonedwa, ndi kusalembedwa. Choyambacho n'chosavuta."

Anagwirizana kuti khomo laling'ono litsekedwe, aboole lina mkati. Wofuna kuyezetsa aziima pa mzere umodzi ndi wa malungo ndi wa bala la chikwanje, azinena zofuna zake ali kale m'chipinda cha asisitala. Zilembo zofiira zija azifufute. Mapositala anawasiya.

"Nanga chachiwiri?" anafunsa Hazel. "Ndani aziona mndandanda wa makapitawo usanatayipidwe? Munthu wosiyidwa azikafunsa kwa ndani chifukwa chake?"

"Zimenezo si za komiti ino," anatero a Douglas. "Ndi za bwana wamkulu."

"Ndikawauza," anatero a Peterson.

"Tilembe tsiku."

"Ndati ndikawauza, mayi."

Tsiku silinalembedwe. Potuluka, Hazel anamupeza Teleza pakhonde. Anamuuza kuti mu lipoti lake alembamo zonse ziwiri, koma sangalonjeze kuti wina aliwerenga. Loweruka m'mawa anakwera minibasi pa Luchenza.

Amisiri anatseka khomo lija ndi njerwa m'masiku atatu. Isake sanamuyankhule mkazi wake mpaka Lachiwiri. Lachitatu m'mawa anapempha madzi osamba ndi malaya oyera. Teleza anabwereka njinga, n'kumukankha mpaka pa khomo lalikulu la kiliniki. Anakhala pa benchi pakati pa mayi wa mwana wotsegula m'mimba ndi mlonda wotupa phazi. Atatuluka anali ndi kapepala m'thumba. Patapita sabata ndi theka, atamaliza maphunziro a kamwedwe kake, anayamba mankhwala.

Pofika pakati pa Novembala, Sisitala Victoria anali atayeza amuna makumi anayi. Mvula yoyamba inagwa pa 21, tiyi n'kuyamba kuphuka. Isake anali atayamba kuyenda yekha mpaka pa mpopi, ndipo chakudya chimalowa.

Mndandanda wa anthu a dzinja anaumata pa shedi Lachisanu masana. Anthu anadzazana, odziwa kuwerenga akuwerengera anzawo. Teleza, amene nayenso anali atafunsira ntchito yothyola tiyi, anapeza dzina lake pa tsamba loyamba, pamwamba penipeni, patsogolo pa mayina oyamba ndi A. Isake anawerenga masamba onse anayi kawiri, koma lake panalibe. Kenako anapita ku ofesi, mkazi wake ali pambuyo.

A Douglas anawalandira mwaulemu, n'kuwapatsa mipando.

"A Namakhwa, nkhani yanu si ya matenda ayi. Ndi masiku. Mwajomba masiku khumi ndi anayi opanda kalata ya kiliniki. Lamulo limati asanu."

"Ndinali kudwala, bwana."

"Mukanabwera ku kiliniki, asisitala akanakulemberani kalata. Simunabwere. Ine ndichite chiyani? Ndipo onani, akazi anuwa ananena okha pamaso pa komiti kuti ali nako, koma tawalemba. Nyumba muikhalabe m'dzina lawo. Pali tsankho pamenepo?"

"Muhiwa ndi Saizi mwawalemba?" anafunsa Teleza.

"Sanabwere kudzafunsira."

Lamulungu masana Benard anabwera ndi mkoko wa nthochi pa njinga. Anakhala pakhonde n'kuyamba kunena za mvula. Isake analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kope la Jean ndi bolopeni. Anang'amba pepala la pakati n'kuliika pa bondo la mlamu wake.

"Alamu, inu dzanja lanu ndi labwino. Mundilembere kalata yopita ku ofesi ya zantchito ku boma. Pansi pake musayine monga wa bungwe."

Benard sanagwire bolopeniyo.

"Mwaganiza bwino? A Douglas ali ndi mapepala, masiku khumi ndi anayi alipodi. Tikhoza kuluza. Ndipo kuti nkhaniyi imveke, muyenera kufotokoza chifukwa chomwe simunapitire ku kiliniki. Muyenera kutchula matenda anu. Kalata ikafika kumeneko, kope lake libwera ku ofesi kuno, makalaliki onse aliwerenga."

"Ndikudziwa."

"Ine ndili ndi ana asanu, alamu. Thirakitala ija ikhoza kupeza dalaivala wina."

"Ndikudziwanso. Mukakana sindikwiya. Ndipita kwa aphunzitsi a Jean."

Teleza anali pambali akusoka lamba wa dengu lake lothyolera tiyi, poti ntchito imayamba m'mawa mwake. Sanadzutse mutu.

Benard anayang'ana pepalalo. Anachotsa chipewa n'kuchiika pansi, natenga bolopeni, n'kuiyesa pa chikhato. Analemba deti pakona.

"Tingoika zilembo zoyamba za dzina, kapena bwanji?"

"Lonse," anatero Isake. "Isake Namakhwa. Wodulira tiyi, zaka khumi ndi ziwiri. Mukatero musiye malo m'munsimo. Mawa ndikwera njinga kupita ku Changata, ndikamufunse Saizi ngati akufuna lake likhalepo."